Pulaka ya Alamu Yakana Kulowa

Lachinayi, ku Chiwanga. Tsiku londipsetsa mtima.

Alamu anga a Saidi abwera kuchokera ku Lichinga ndi pulaka, chipangizo choika m'kati mwa kompyuta yanga kuti zithunzi ziziyenda bwino. Ndinawalembera papepala kuti ikhale yaing'ono, yosafuna chingwe chakechake cha magetsi. Kabokosi ka kompyutayo n'kothina, ndipo kamadalira sola ndi batire imodzi. Iwo abweretsa chimphona cha mafani atatu.

“Alamu, pepala lija simunawerenge?”

“Ndinawerenga. Koma kamene munalembako ndinakanyamula m'manja, n'kopepuka ngati bisiketi. Injini ya boti timasankha yolemera. Inu mabuku anakuwonongani.”

Ndayesa ndithu kuchilowetsa, iwo ataimirira pambali. Chivundikiro chakana kutseka. Ngakhale chikanatseka, magetsi amene chimphonachi chikufuna akuposa a nyumba yonse.

Chondiwawa n'chakuti sadaka ya amayi ili Loweruka la sabata yamawa. Ndinalonjeza abale kuti adzawaona pa vidiyo imene anajambulidwa ali moyo, akusimba mmene tinabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Popanda pulaka yabwino vidiyoyo imadodoma. Mawu amatsogola, milomo ya amayi n'kutsalira. Ndimazimitsa, sindipirira kuwaona choncho.

Mayi a ana akuti kubweza mphatso ya achimwene awo ndi chipongwe, ndisayerekeze. Alamu nawo alengeza kale kumzikiti kuti makina andigulira ndi iwo.

Ndiye ndathokoza ndi manja awiri. Mawa ndikwera chapa, minibasi ya ku Lichinga, ndinena kuti ndikukapimitsa maso, ndikasake kaing'ono kaja ndekha. Koma tsiku la sadaka akadzati nditsegule bokosi anthu aone mafani awo atatu...