Kansomba ka alamu Ferney

Lolemba, 7 Epulo
Mtsinje ukadzaza kumtunda ine osadziwa, utipeza m'nyumba ine ndi kamwana kanga Dilan. Ndi zomwe zikundidya chipitire bambo ake ku mgodi. Komabe amuna angawo, Éider, anandisiyira nzeru. Ndikalemba liwu limodzi, rio, kutanthauza mtsinje, pa kompyuta yakale ija, pamatuluka nambala yochokera ku kachipangizo koyeza madzi kamene anamangirira pa mlatho wa kumtunda. Ikapitirira 3, kunyamula mwana, ulendo kusukulu ya paphiri. Basi. Ngakhale ine wa pulayimale ndimatha.

Lachiwiri, 8 Epulo
Alamu Ferney abwera, ati kudzationa, koma maso ali pa arepa, zitumbuwa zathu za chimanga. Ataona galasi lakuda la kompyutayo aseka mpaka kutsamwa. Ati achimwene awo amalemba mapulogalamu ngati nkhalamba. Akonza kuti nambala izituluka ya mitundumitundu, pansi pake kansomba kakusambira.

Lachitatu, 9 Epulo
Kansomba nkokongola ndithu. Dilan wakanyambita.

Lachinayi, 10 Epulo
Ndalemba rio, ndachapa matewera, ndayanika, kubwerako kompyuta ikukokabe zinthu pa intaneti. Ndawaimbira alamu. Ati kansomba kamafuna pulogalamu ya mitundu, ya mitunduyo imafuna ya zilembo, ya zilembo nayo ili ndi anzake mazanamazana. Ine ndati, "Alamu, ndaitana mlendo mmodzi, wabwera ndi apongozi ake onse?" Ati ndisamaope chitukuko.

Lachisanu, 11 Epulo
Nambala palibe, zolemba zofiira zokhazokha. Alamu ati munthu wina wa kunja wapsa mtima, wachotsa kapulogalamu kake pa intaneti, ndiye zonse zagwa. Ntchito yake kapulogalamuko? Kusiya mpata kutsogolo kwa nambala. Mpata chabe.
Ndafunsa za pulogalamu yakale ija ya Éider. Anaifufuta, ati inkawachititsa manyazi. Abwera Lamlungu, mawa kuli mpira.

Loweruka, 12 Epulo
Kuno dzuwa, kumapiri kwada bii. Mayi Nohemí oyandikana nafe andifunsa pa mpanda ngati nambala ili bwino, poti nyumba zonse za mzere uno zimamvera kwa ine. Ndangoti ndiona. Foni ya Éider sigwira pansi pa mgodi.
Madzi asanduka matope, akutsika ndi nthambi. Nambala sindiidikiranso. Ena ndawauza, akwera kale. Koma Mayi Nohemí amavutika ndi mwendo, phiri sangalithe, ine manja ndi awiri, ali ndi Dilan. Ndatumiza uthenga uwu, sanauwerengebe:
"Alamu, siyani mpirawo. Bwerani ndi njinga yamoto pompano, mudzatenge Mayi Nohemí. Za kansomba zisiyeni, ingobwerani."