Amayi Alankhula Okha ndi Dokotala wa ku Spain

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kupatula amayi amene akhala akuwonda osanena chowavuta.

Ku chipatala cha pa esiteti kwabwera dokotala wamkazi wa ku Spain, koma womasulira wake ndi amuna anga. Mukuwadziwa amayi, sangatchule matenda achizimayi pamaso pa mkamwini.

Tsiku lina tikuthyola tiyi anandiuza kuti, "Ifunse foni yakoyo mayina a matenda m'chilankhulo cha dokotalayo." Sabata yonse ankabwereza, dengu lili kumsana: tos ndi chifuwa, dolor ululu, sangre magazi. Analoweza onse, munthu wosatha kulemba dzina lake, ndipo sindinadziwe kuti matenda awo ndi ati.

Lachisanu nditawaperekeza kwa dokotalayo, anapempha amuna anga kuti adikire panja. Anagwira pamimba n'kunena kuti, "Dolor, sangre," kenako anaimika zala zitatu, kutanthauza miyezi. Dokotala anaika cholembera pansi n'kuwagwira dzanja.

Lolemba akupita ku chipatala chachikulu. Achimwene, ndikudabwabe. Ndimadya nawo mbale imodzi, koma matenda a mayi anga ndawamva koyamba m'Chisipanishi.

Muwaimbire, koma musawafunse za matendawo. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati