Fabiano Akugulitsa Maliro Anu

Amayi, kodi kumeneko mukugonako? Ndikukayika, chifukwa mdzukulu wanu Fabiano, mwana wa mlongo wanga Rozina, akukugulitsani ngati kabichi. Akundilembera kalatayi ndi apongozi anu a Nambewe. Akuti ndifewetse mawu, ndakana.

Zakuno ndi izi. Mdzukulu wanu Agnesi wachira, mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Kachewere wachita bwino kudimba, koma nyemba zapsa ndi chisanu.

Tsiku la msika ndinapita ndi kachewereyo ku Mayani. Anyamata a pamalo otchajira foni anandiitana akuseka, akuti, “Madala, si inu awa?” Nditasuzumira pafoni ya mmodzi wa iwo ndinaona mkazi akutsatsa sopo. Sopo atatha, panabwera bokosi lanu lotsegula, nkhope yanu, thonje m'mphuno. Kenako ine, munthu amene sindinaliriko pagulu chibadwire, ndikugubuduka pamtumbira. Mnyamatayo ankabweza ndi chala kuti ndigwenso. Ndinagwa, ndinagwanso, iwo akufa nalo phwete.

Ndinalanda foniyo, ndinaisinja ndi mwala wa sikelo mpaka inasanduka ufa. Ndinati basi, ndawaika amayi kachiwiri. Mnzake anangopisa m'thumba, n'kutulutsa yake. Sopo yemweyo, bokosi lomwelo. Iyeyo ndinam'ponda pachifuwa, anthu anachita kundigwira.

Ndinaitanitsa Fabiano kuchokera ku Lilongwe, poti ndiye ankajambula ndi foni pamaliro paja. Anabwera ndi nsapato zosongoka, nakhala pampando ine ndisanamuuze. Akuti, “Malume, mwaphwanya foni yosalakwa. Kanemayo sakhala m'foni.” Akuti amakhala m'makina akuluakulu kutsidya kwa nyanja, m'nyumba zonga nkhokwe. Munthu akadina, makinawo amam'tumizira pang'onopang'ono monga madzi a pamjigo, uku akuonera uku zikubwera, bandulo ikutha. Netiweki ikafooka nkhope yanu imachita mbuu, ikalimba mumaoneka mpaka makwinya. Aliyense amayamba nthawi imene wafuna. Ndiye kuti pena mukulowa m'manda ku Joni, pena mukutuluka m'tchalitchi ku Mzuzu.

Ndinafunsa za sopo. Akuti eni sopo amalipira eni makina, eni makina amam'gawirako iyeyo. Anthu akachuluka oonera, makinawo okha amakankhira kanemayo kwa ena amene sanam'funse n'komwe. Kenako anamwetulira, akuti, “Pamene amapakonda kwambiri ndi pamene mukugwa paja.”

Amayi, munkandiuza kuti, “Mkwiyo wakowu udzakutenthera nyumba.” Ndinakumbukira mawuwo chibonga cha bambo chili kale m'mwamba. Choyamba chinatera paphewa, chachiwiri pakamwa. Mano anamwazika pakhonde, nkhuku n'kumathamangira kuyesa chimanga. Anathawa akulavula magazi, nsapato imodzi ilipo mpaka lero. Rozina sakundilankhula. Abambo a ku Kasina akuti ndikalape. Ndidzalapa za mnyamata wa ku Mayani uja, za Fabiano ayi.

Chikundiwawa n'chakuti ife tinameta. Tsitsi linagwa, tinasesa, maliro anatha, monga munatiphunzitsira kuti wakufa amam'perekeza kamodzi kuti apeze njira. Nanga inu mufika bwanji, anthu akukubwezani ndi chala tsiku lililonse? Nkhokwe za kutsidyazo ndikanazidziwa njira ndikanakazitentha. Akuti wokhoza kukuchotsanimo ndi Fabiano yekha, ndiye ali ndi mawu otsegulira, ndipo foni yanga sakuyankha.

Kumene chibonga changa sichifika, inu mumafika. A Nangozo, amayi anga, dzukani. Pitani ku Lilongwe, mukam'khale pachifuwa Fabiano kutulo, thonje lanu lili m'mphuno momwemo, mpaka akufufuteni m'makinamo. Musam'phe, ndi magazi anu. Koma asagone.

Mukatero, ndikulonjeza kuti chiliza chanu ndimanga tikakolola, ndipo pachipata cha manda ndidzaima ndekha ndi chibonga. Foni sidzalowa.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,
Damiano