Dzanja la Amayi, Osati Lanu

Okondedwa achimwene a Fletcher,

Ndikhulupirira muli bwino kumudziko pamodzi ndi alamu anga a Luwiza. Amayi adzuka bwanji? Ine kuno ku Joni ndilipo, kungoti kwazizira, ndipo gogo wachizungu amene ndimamusamalira wayamba kuvuta pa zakudya.

Nkhani ndi ya magalasi ndi foni zimene ndinatumiza ndi dalaivala uja wodutsa pa boda. Ndinafotokoza bwinobwino kuti amayi akavala magalasiwo aziona timipira tikuyandama patsogolo pawo, n'kumayesa kutigwira ndi dzanja lija linafooka ndi sitiroko. Makina a m'foniyo amaona mmene zala zikutambasukira, amasankha okha masewera oyenera, kenako amatumiza zonse kwa dokotala wa mafizo kuno.

Sabata yatha dokotalayo anandiitana ali ndi chimwemwe. Anati sanaonepo dzanja la munthu wachikulire likuchira msanga chonchi, moti amafuna kuwachotsa amayi pa masewerawo. Ine mpaka misozi. Ndiye anatsegula kanema amene foniyo inatumiza kuti tionere limodzi. Achimwene, kodi amayi anamera liti cheya pamkono? Nanga wotchi yachikasu ija mumanyadira pa Kamwendo anayamba kuvala liti? Dokotala anangotseka kanemayo. Manyazi amene ndinachita, Mulungu ndiye akudziwa.

Nditawaimbira a Luwiza anandiuza zonse. Akuti mumanena kuti amayi amachedwa, amagwetsa timipira, ndipo si ulemu kuti mwana aziyang'ana kholo lake likulephera. Ulemu wake umenewo! Akuti magalasiwo mumapita nawo kumsika, anzanu a kabaza n'kumakuchemererani mukamagwira mphepo. Bambo wa ndevu zake, wa ana akusekondale, kupikisana ndi mayi wodwala, n'kupambana. Zikomo kwambiri, ndinu katswiri.

Zomwe simukudziwa, kapena simufuna kudziwa, ndi izi. Pa maliro a ku Kachebere amayi analephera kuwomba m'manja popereka moni kwa anamfedwa. Anabisa dzanja m'chitenje, n'kukakhala kumbuyo kwa anthu. Kuyambira tsikulo sapitanso ku mapemphero a kumphakati. Amayi athu aja, amene ankatitsina tikapereka moni ndi dzanja limodzi. Zandipweteka mtima kwambiri. Dokotala wati zalazo zikakhala chopindika mpaka mvula itagwa, zidzauma choncho ndipo palibe makina adzaziwongole.

Pempho langa ndi limodzi. Magalasi ndi foni muwapatse a Luwiza lero lomwe. Amayi azichita m'mawa uliwonse, ndipo agwetse timipira tonse ngati n'kugwetsa, makinawo ntchito yake ndi yomweyo. Inu ngati kuonerera kukukuvutani, muzikakhala pansi pa mtengo wa mango.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti Disembala ndikubwera ndipo ndikufuna adzandilonjere ndi manja awo awiri. Moni kwa amalume, azakhali, alamu ndi ana onse. Dzanja lanulo dokotala wati lili bwino zedi, musavutikenso nalo.

Ndine mlongo wanu,
Felista