Zimene Sindinamuuze Esinati

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Yohane wanu, kuno ku Sunningdale. Maso afooka, ndiye akundilembera ndi a Phiri, mkulu mnzanga wa mpingo, amene alonjeza kusunga pakamwa.

Adzukulu anu akula. Petulo ndi folomani pa kampani ya zitsulo ku Workington, komwe ine ndinkangosesa. Malita wamanga nyumba ku Epworth ndi geni yake ya tomato, ndipo wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Esinati, uja munkamubereka kumbuyo mukudwala kale, ali ku Joni, ndi dokotala wa kafukufuku.

Ntchito yake ndiinena pang'onopang'ono, monga anandifotokozera. Amapanga timibulu tochepa kuposa fumbi, tosaoneka ndi maso. M'kati mwake amaikamo malangizo otchedwa majini. Timibuluto tikafika pa chotupa cha m'matumbo aakulu, timadzutsa asilikali a m'thupi kuti amenyane ndi khansa. Akuyesabe pa mbewa, kwa anthu sizinafike. Akuti nthenda inakutengani ija ndi yomweyi, ndipo imayenda m'magazi a pabanja.

Izi ndimazinena kutchalitchi, m'kombi, ngakhale pamzere wa pamjigo, mpaka anthu atopa nane. Koma Amayi, chithereni mvula ndikuona magazi ndikapita kuseri. Lamba ndaboolanso mabowo ena. Esinati amaimba foni Lamlungu lililonse nkufunsa ngati m'mimba muli bwino, ine nkuyankha kuti ndili ngati mnyamata. Bambo angatchule bwanji zakuchimbudzi kwa mwana wake wamkazi? Mayi ake akanakhalapo akanandinenera. Ndikadula foni ndimakhala pakhonde nditazolika, poganiza kuti ndanamiza mwana yemwe ndimatamika naye mumsewu monse.

Munkati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Komabe inuyo simunatsekule. Nsanza zamagazi tinadzazipeza pansi pa matiresi titakuikani kale. Sindikukudzudzulani, ndakumvetsani tsopano.

Dzulo ndinakwera kombi kupita kwa Agnesi, mlongo wanga. Ndinayankhula ndikuyang'ana nsapato zanga mpaka ndinamaliza. Anandikalipira ngati inu nomwe. Iye monga azakhali amuuza Esinati, akazi okhaokha, ndipo Lolemba andiperekeza kuchipatala. Ndikulonjeza kuti akandiuza kuvula, ndivula.

Loweruka lomaliza la Ogasiti ana onse abwera, tidzalambule manda anu ndi kupemphera. Ndidzabwera nawo, koma ndikufuna kudzabwerera kunyumba ndi miyendo yanga. Ndimakukondani, Amayi, koma musafulumire kundiyalira mphasa.

Mwana wanu,
Yohane