Musiyeni Vanessa Yekha pa Chulu

Francistown, Botswana

Okondedwa achimwene a Filipo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wa amayi uli bwanji ndi kuzizira kwa ku Cheziko? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ndisananene zina, pali zofunika tigwirizane. Choyamba, mwana wanga Vanessa si wamwano, ndipo sanalodzedwe. Chachiwiri, foni ndinatumiza ija ndi yake, mwana wanu Elisha asamapite nayo kumsika. Chachitatu ndi chimene chandilembetsa kalatayi, ndiye ndifotokoza pang'onopang'ono. Musakwiye.

Mukudziwa mmene mwanayu anayambira: kunjenjemera aphunzitsi akamuloza, kubisala kuchimbudzi nthawi ya asembule, mpaka kusiya sukulu teremu yatha. Pa ntchito yanga ya unamwino ndimaona ana otere. Ndi matenda oopa anthu, ndipo amachizika. N'chifukwa chake ndinafunafuna mpaka ndinapeza a Tereza, dokotala wa za maganizo ku Lilongwe, amene amacheza ndi achinyamata pa vidiyo Lachinayi lililonse. Ndinakonza zonse, bando ya intaneti, chaja ya sola, ngakhale tomvetsera ta m'makutu. Chimene ndinaiwala n'chakuti kwathuko netiweki imagwira pa chulu cha kuseri kwa chigafa pokha, ndipo ino ndi nyengo yosankha fodya.

A Tereza anandiimbira dzulo. Akuti ulendo woyamba, foni itangolumikizika, anaona amayi atavala za Chigwirizano, atagwada kupereka moni. Kenako inu, kenako alamu, kenako onse a m'chigafa mmodzimmodzi, aliyense kufunsa mmene adokotala adzukira. Akuti foniyo munaiika pampando wa alendo, nonse n'kukhala pamphasa. A Tereza atafunsa Vanessa chimene chimamuopsa, munayankha ndinu, kuti ndi manyazi chabe, anatengera mayi ake. Anthu anaseka. Iye anangowerama mpaka nthawi kutha.

A Tereza atapempha kuti atsale awiri ndi Vanessa, akuti munati kwathu mlendo sasiyidwa ndi mwana, ndiponso nkhani ya mwana wa mlongo wanu singakambidwe malume palibe. Achimwene, sindikukutsutsani. Ndinu mwini mbumba, ndipo mukundilerera mwana pamene ine ndikusamala odwala a eni. Koma taganizani, mwana woopa maso a anthu tamukhazika pakati pa mudzi kuti anene za mantha ake.

Lachinayi lathali Vanessa pa chulupo sanapiteko n'komwe. Anandilembera mawu ochepa, kuti anyamata a m'chigafa akumutcha wodwala misala, ndipo ngakhale kumjigo sakupitanso. Ndikamuimbira sakuyankha. Ndinkati ndikumuthandiza, koma ndamuwonjezera mavuto. A Tereza ati ana ambiri akudikira, ndiye Vanessa akapanda kuonekera Lachinayi likubwerali, malo ake apatsa wina. Kuntchito kuno tchuthi sandipatsa mpaka Disembala. Ndaganiza njira zonse, ndipo ina ndilibe.

Pempho langa ndi limodzi. Tsikulo a m'chigafa muwaweruse msanga. Mumuperekeze nokha mpaka pa chulu. Ngati moni uli wofunika, mupereke inu mwachidule m'malo mwa onse. Mukatero mumupatse foni, mukaime pa mtengo wa mango uja, mutembenukire kumunda. Wina akamabwera mumubweze. Ndikudziwa amayi adzati tachitira mlendo mwano. Muwauze kuti mwanowo ndi wanga.

Mwina sakalankhulabe. Zimenezonso ndaziganiza, ndipo sindidziwa chimene ndidzachite. Koma ayesepo kamodzi popanda womuyang'ana.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a Agnes, kwa azakhali ku Ntchisi ndi kwa ana onse. Kalatayi musaiwerenge pakhonde monga mumachitira ndi zina zija. Muwerenge nokha.

Chonde mundiyankhe msanga, lisanafike Lachinayi, ngakhale ndi mawu amodzi okha, kuti ndidziwe chowauza a Tereza.

Ndine mlongo wanu,
Lenia