Kuchonga ndi Kuthetha

Lolemba, 9 Juni

Loya wabwera ndi fomu yoti ndisayine. Mwana wangayu dzina limeneli silinamuphonye, chibadwire sanalandirepo mawu osawabweza. Akuti Loweruka la sabata yamawa basi idzatenga ana khumi a kalasi yawo ya maphunziro a nzika, kukayankhula pamaso pa komiti ya aphungu pa nkhani yoti zaka zoyambira kuvota zitsike zifike 16. Iye ndi mmodzi mwa oyankhula. Fomu ibwerere pofika Lachisanu pa 20, apo ayi mpando wake apatsa wina.

Zaka 16. Mwana amene sabata yathayi wapsereza siketi ya kasitomala ndi nsimbi chifukwa choyang'ana foni.

Ndamufunsa kuti basiyo watumiza ndani. Akuti bungwe. Bungwe la ndani? Akuti la nzika. Nzika zake ziti, zili ndi nkhope? Wangopumira m'mwamba. Fomuyo ndaipanikiza pansi pa makina, pamene ndimasunga miyezo ya makasitomala. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo yangayi ikudumphadumpha zedi.

Mphunzitsi wawoyo sindinamuonepo bwinobwino. Ndimangoona chikwama chakuda chikudutsa pamsewu, munthu ali kuseri kwake. Kwa ine ndi a Chikwama basi.

Lachiwiri, 10 Juni

Lero wabwera ndi bokosi la nsapato loboola pamwamba, ndi mapepala anayi ovotera ongoyeserera. Homuweki, akuti. Apeze akuluakulu anayi avote, Loweruka akawerengere m'kalasi. Papepalapo palibe zipani, pali zithunzi: ketulo, ambulera, nsapato ndi makwerero.

Wagwira ine, mlamu wanga wa hokala yapafupiyi, wometa tsitsi, ndi mlonda wa pamsika. Watikonzera kachipinda kuseri kwa katani yoyesera zovala, n'kumatilamula ngati wapolisi: mmodzimmodzi, osasuzumira, voti ndi chinsinsi. Ndamuuza kuti ine ndavota kanayi, zenizeni, osati za ketulo, ndipo ulendo wina ndinaima pamzere iyeyo ali kumsana akundikodzera.

Ndalowa ndi pensulo yanga yabuluu yolembera pansalu. Ndachonga ketulo, ena atatuwo ndawathetha mmodzimmodzi, mwaukhondo, monga mwa masiku onse. Ndapinda, ndaponya.

Chimene chikundivuta n'chakuti, a Chikwama afuna kudziwa chiyani? Lero ketulo, mawa adzati amayi ako amakonda chipani chanji. Zinthu zimayamba choncho.

Lachitatu, 11 Juni

Loya wangoti zii tsiku lonse. Si iye ameneyu. Pothandiza kusomeka mabatani a mayunifolomu amandiyang'ana chamseri, ndikadzutsa mutu iye n'kuweramira pansi. Kawiri konse wati "Amayi," ine n'kuti ee, iye n'kuti basi palibe.

Za fomu sanafunse n'komwe. Chimenecho ndiye chandiopsa.

Lachinayi, 12 Juni

Mlamu akuti anamuona Loya dzulo pageti pa sukulu, ataima ndi a Chikwama, awiriwiri, iye akupotokola m'mphepete mwa bulauzi. Mlamu amaona zambiri, zina zisanachitike n'komwe. Komabe.

Lachisanu, 13 Juni

Bobini ya makina osokera yavuta m'mawa wonse. Madiresi atatu a ukwati akadali pamsomali.

Ndawerenganso fomu ija, mpaka timalemba ta pansi. Akuti ana adzabwerako tsiku lomwelo, padzakhala aphunzitsi aakazi awiri. Papepala zonse zimakoma. Chikomekome cha mkuyu. Ine ndinaonapo ana a eni atavekedwa malaya a mtundu umodzi, akuimba pamwamba pa lole, tsiku lovota litadutsa palibe anawakumbuka, wina anabwerako ndi bandeji kumutu. Akuluakulu akatopa kutinamiza ife amatsikira kwa ana, n'zimene ndikuona pa za 16 zimenezi. Bambo ake akanakhala moyo akanangosayina kuti mwana asalire. Ine ayi.

Loweruka, 14 Juni

Ndapita. Ndinanyamula yunifolomu imodzi m'pepala kuti wondifunsa ndimuuze kuti ndikuperekera kasitomala. Ndaima kuseri kwa kalasi, pawindo lopanda galasi limodzi, pafupi ndi mpopi wodontha.

A Chikwama si mnyamata monga ndimaganizira. Imvi zayamba, kolala yatha m'mphepete, woisoka anaitembenuza kale kamodzi. M'chikwama muja atulutsamo choko, mapepala ndi botolo la madzi. Sindinaone malaya a chipani, koma chikwamacho chili ndi zipi ina imene sanatsegule.

Ana amakhuthula mabokosi awo patebulo, wina akuwerenga mokweza, ena awiri akuyang'anira. Litafika bokosi la Loya, mwatuluka mapepala awiri. Awiri okha. A Chikwama amufunsa kuti ena awiri ali kuti, popeza anamupatsa anayi. Mwana wanga, amene ndinamubereka ndekha, waimirira n'kunena kuti anataika.

Bodza. Ndinaponya ndekha, ndinaona mlamu akuponya, bokosilo linali lomata ndi tepi.

Ndabwerera ku shopu. Ndiye zimene akuphunzira n'zimenezi? Sanayambe n'kuvota komwe, kuba mavoti wakudziwa kale. Ndipo ndani akudziwa ngati kufunsa kuja sikunali kongochita pamaso pa anzake, atapangana kale pageti paja.

Lamulungu, 15 Juni

Ali ku kwaya, ndasecha m'chipinda mwake. Sindikunyadira, koma ndasecha. M'chikwama cha sukulu mulibe, pansi pa matiresi palibe. Kenako ndaona pilo. Msoko wa mbali imodzi ndi watsopano, ulusi woyera pansalu yachikasu, wokhotakhota ngati wasoka ndi phazi. Mwana wa telala!

Ndaphwasula. Mapepala awiri opindidwa. Lina ndi langa, pensulo yabuluu, ketulo. Linalo ndi la mlamu, ndadziwira mafuta ophikira pakona. Iye anachonga ambulera, ena n'kuwathetha.

Osati kalata ya mwamuna, mwina ndithokoze. Koma bwanji athu awiri okha, a akazi? A wometa ndi a mlonda anafika bwinobwino. Ndawaika m'thumba la epuloni. Pilo ndasokanso, mwaluso, aone kuti pafika munthu.

Lolemba, 16 Juni

Ndamudikira aweruke. Ndatseka chitseko cha shopu, ndayala mapepala awiri aja pa tebulo lodulira. Ndamufunsa kuti wamutuma ndani kuchotsa mavoti athu. Akuti palibe. Ndati nanga iwe amene umatikalipira kuti voti ndi chinsinsi, unatsegula bwanji bokosi? Akuti amangofuna kuona ngati tapinda bwino, kuti asakachite manyazi m'kalasi. Kenako wayamba kulira, Loya amene salira ngakhale pobaya jakisoni.

"Amayi, pepalali ndi lowonongeka. Amachonga mmodzi basi. Mukalemba paliponse pa enawo, owerenga sadziwa kuti mwasankha uti, amaliika pambali. Siliwerengedwa."

Ndati usandiphunzitse, kuthetha ndi kuthetha, ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa kuti chothethedwa ndi cholakwa.

"Kumeneko ena amavota ndi kuthetha komweko, Amayi. Kwa iwo mwasankha anthu anayi."

Akuti a Chikwama amakweza m'mwamba pepala lililonse lowonongeka kuti kalasi ione cholakwika, ndipo m'dera lonse lino wolemba ndi pensulo yabuluu ndine ndekha. Pageti paja amafuna kuwafunsa ngati pepala lotere lingapulumuke, koma mawu anamukanika.

Ndamuuza kuti akatenthetse nsimbi. Sindinakhulupirire. Ana amauzidwa zinthu.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndapita kwa wometa ngati ndikukabwereka tsache. Iye anakhalapo woyang'anira pa tebulo lowerengera mavoti ulendo wina, amazinena tsiku lililonse. Ndati pali mnzanga wina amachonga mmodzi, ena n'kuwathetha, kodi zili bwino? Waseka mpaka wazimitsa makina, kasitomala mutu uli theka. Akuti oterowo amadzaza envelopu yawoyawo, ndipo owerenga amawatcha "aphunzitsi", poti amabwera kudzachonga mayeso. Akuti ndimuuze mnzangayo kuti bola azingogona kunyumba.

Ndaseka nawo. Tsache ndaliiwala komweko.

Lachitatu, 18 Juni

Sindinasoke kanthu. Ndadula mkono wa diresi mbali imodzi kawiri, ndasiya.

Kanayi. Ulendo woyamba ndinali ndi zaka 19, ndinavala nsapato zobwereka. Palibe anandiuza kalikonse, anangondipatsa pepala n'kundilozera kachipinda. Ndinachita zimene ndinkadziwa kusukulu. Ndinkatuluka m'menemo mtima uli mbee, poganiza kuti ena aja ndawalanga ndi dzanja langa. Inki ya pachala ndinkaisunga sabata yathunthu osaipala, ndikuionetsa makasitomala. Amene ndinkawafuna akaluza ndinkati atibera. Mwina ankaberadi, koma langa silinafike n'komwe poti munthu alibe.

Ndipo sindili ndekha. Mlamu ndinamuphunzitsa ndine, pamzere, ndikujambula ndi chala pachikhatho. Malemu apongozi anganso. Ndi amayi awiri a kutchalitchi. Ndinkayankhula ngati wodziwa, iwo n'kumagwedeza mitu.

Zikundiwawa. Ndili ndi manyazi, ndiponso ndakwiya, koma sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani.

Loya wabwera, waphika, watsuka mbale. Ine ndakagona.

Lachinayi, 19 Juni

Ndawaimitsa a Chikwama pamsewu, pakhomo pa shopu. Ndawapatsa mpando wa makasitomala, ine chiimire, sizasi ili m'manja. Ndawafunsa mosapsatira kuti apindule ndani ana akayamba kuvota. Ayankha kuti sakudziwa. Akuti zipani zidzawathamangira anawo, zimenezo asandinamize, ndipo iwo eni sanatsimikize mumtima ngati 16 ndi yabwino. Chimene akudziwa n'chakuti lamulo lisinthe kapena lisasinthe, anawa adzalowa m'kachipinda kaja tsiku lina, ndipo bola alowe akudziwa. Yankho losalala. Anthu oyankha mosalala ndimawaopa, koma sindinapeze poligwira.

Kenako anena zimene sindimayembekeza. Akuti za fomu ndisavutike nazo kwambiri, chifukwa Loya mwina sapita. Anzake m'kalasi adandaula kuti munthu wotaya mavoti awiri mwa anayi sangakawaimire pamaso pa aphungu. Lamulo anapanga okha anawo: wotaya pepala afotokoze, apo ayi atsike. Amufunsa katatu, iye akungoti anataika. Mawa masana akumana kuti asankhe wina.

Ndafunsa ngati ananenapo china chilichonse, za kunyumba. Akuti ayi, ndipo akudabwa, poti ndi mwana wosamala.

Atapita ndakhala pampando womwewo. Mapepala ali m'epuloni, ndikuwamva akukhwekhwereza ndikasuntha. Mwana akulolera kutchedwa wosasamala, mwina wakuba, kuti amayi ake asasekedwe ndi ana a sukulu. Ine sabata yonse ndakhala ndikumusecha mapilo.

Za 16 sindinagwirizane nazobe. Ndilembe pano kuti ndisadzadzinamize.

Lachisanu, 20 Juni

Ndatseka shopu thwelofu. Mlamu wafunsa kuti maliro ali kuti, ndati ndikubwera.

Ulendo uno ndalowera pakhomo. Ana anali atakhala kale, mayina awiri ali pabolodi, la Loya litafufutidwa theka. Atandiona wagwira m'mphepete mwa desiki. Ndayenda mpaka kutsogolo, nsapato zikulira pasimenti, ndaika mapepala awiri patebulo. Ndati sanataike, anali kunyumba, labuluulo ndi langa. La mlamu sindinanene mwini wake, voti ndi chinsinsi.

A Chikwama alitambasula, aliyang'ana nthawi yaitali. Afunsa motsitsa mawu ngati ndikulola kuti alionetse. Ndati ndabwerera zomwezo, kwezani.

Alikweza. Ndimadikira kuseka, ndinali nditakonzeka kale ndi nkhope. Wina kumbuyo anayamba, koma palibe anamulandira. Kamtsikana ka patsogolo, ka magalasi omanga ndi ulusi, kakweza dzanja n'kunena kuti agogo ake amatero. Mnyamata wina akuti bambo ake amasayina dzina lawo pansi kuti asaberedwe. A Chikwama angokhala pakona pa tebulo, choko chili m'manja.

Anawo avota pokweza manja kuti Loya abwerere. Awiri akana, akuti anatsegula bokosi ndipo ananama, zomwe n'zoona. Ndawakonda awiri amenewo.

Fomu ndasayinira pomwepo, nditafunsanso mayina a aphunzitsi aakazi aja ndi nambala ya dalaivala. Zipi ija ya chikwama sindinaione mkati mpaka lero.

Pobwerera tadutsa pa mpopi wodontha uja. Kenako wandifunsa, maso ali kutsogolo, ngati angakanene nkhaniyi mawa kwa aphungu. Akuti sadzatchula munthu, adzangoti mayi wina wa m'dera lathu.

Tadutsa hokala ya mlamu, iye ali pawindo akutiyang'ana. Ndatulutsa kiyi, ndatsegula shopu, ndavundukula makina.

Ndati, "Usakati mayi wina. Ukanene kuti amayi anga. Ukanene kuti kanayi."